Utsi wa Mayi a ku Angonia

Chaka chimene tinasamukira ku Chinsapo ndinali ndi mwana wakhanda, ndipo mdani wanga wamkulu sanali munthu ayi, anali phulusa. Kuyambira mu Ogasiti, ukayanika matewera m'mawa, pofika masana unkawapeza atadzaza tizidutswa takuda ta udzu wopsa touluka kuchokera kutchire. Ukati usase, tinkafufutika n'kusiya mizere. Ndinkachapanso uku ndikulalata ndekha, madzi ake otunga kutali, kumpopi wa anthu onse. Mwamuna wanga ankayendetsa minibasi, wochoka kusanache n'kubwera kutada, ndiye ndikamudandaulira ankangoti pepa. Utsi umene iye ankaudziwa unali wa dizilo.

Nyumba yathu inali ya lendi, zipinda ziwiri, kumapeto kwenikweni kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda, manda ndi tchire. Eni ake, okhala pabwalo lomwelo, anali mayi wamasiye, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Anabadwira ku Angonia, m'dziko la Mozambique, ndipo anawoloka malire nthawi ya nkhondo ija atasenza kamtolo kamodzi. Ku Dedza anakumana ndi kalipentala wa ku Ntcheu, anakwatirana, n'kudzakhazikika ku Lilongwe. Ana sanakhale nawo. Pamene ife tinkafika n'kuti bamboyo atamwalira kale. Anthu onse a m'dera lathu ankawatchula kuti Mayi a ku Angonia, chonsecho anali atakhala mu Chinsapo nthawi yaitali kuposa ambiri a ife. Ine ndinkangoti Amayi.

Tsidya la kanjira, moyang'anizana ndi khonde lathu, kunali shedi ya bambo wina wa ku Mangochi, Msilamu, wokhoma zidebe. Ankapanga ndowa, mbaula ndi makeni othirira m'dimba. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kunali kho kho kho, kupatula Lachisanu masana akapita kumzikiti. Mwana wanga anazolowera phokosolo moti Lachisanu ndi pamene ankavuta kugona.

Anthu awiriwa anali ndi mlandu umodzi wosatha. Utsi umene unkaphimba Lilongwe m'chilimwe, uja wobisa mapiri a Dzalanyama n'kufiiritsa dzuwa mpaka munthu kumaliyang'ana osaphethira, unali wa dziko liti? Dzuwa likapendeka, bambo a zidebe ankaika nyundo pansi, n'kuloza kumwamba ndi mlomo.

"Mayi, abale anu ayambapo."

Amayi ankatuluka ndi lichero lawo, n'kukhala pakhonde, mlandu n'kutsegulidwa.

Bambo a zidebe ankati nkhaniyi ndi yosavuta. Mozambique ndi dziko lalikulu, tchire lake munthu ukhoza kuyenda mpaka nsapato kutha osaona denga la nyumba, ndipo tchire lonselo limapsa chaka ndi chaka popanda wozimitsa. Mphepo ya mwera nayo imadzera ku Dedza, komwe kuli njira ya kwawo kwa Amayi. Nanga utsiwo ungakhale wa yani? Malawi, iwo ankatero, ndi kadziko kowonda, kodzaza anthu ndi minda ya chimanga, tchire loti n'kutulutsa utsi wonsewu lili kuti?

Amayi sankakana kuti kwawo tchire ndi lalikulu. Chimene ankakana n'choti utsi uziyezedwa ndi kukula kwa tchire kokha. Ankati muzifunsa mwezi umene munthu wayatsa. Moto wa mu Meyi kapena mu Juni, udzu usanaumitsitse, umangonyambita pamwamba, utsi wake woyera ndi wochepa, zitsamba n'kutsala zamoyo. Moto wa mu Okutobala umadya zonse mpaka mizu, chitsa n'kumafuka masiku, utsi wake wakuda wotsamwitsa. Bambo awo owabereka, ankatero, ankatentha msanga mwadala, poteteza msipu wa ng'ombe ndi udzu wofolerera nyumba. Kuno anthu amadikira kuti dziko liume gwa, kenako munthu wofuna mbewa za ndiwo yamadzulo n'kuyatsa phiri lonse. Ine ndikukhulupirira kuti kwawokonso oyatsa mu Okutobala analiko ambirimbiri, koma Amayi akamalankhula, Mozambique yense anali bambo awo.

Akaona kuti apanikizika, ankaloza mbaula zosanjikizana pashedi paja, n'kufunsa kuti makala olowa mmenemo amagwa ndi mvula kodi. Bambo a zidebe ankati zamakala ndi mlandu wina, tsiku lake lidzafika, lero tikukamba za tchire. Amayi akakwiya kwenikweni ankang'ung'udza m'Chipwitikizi, bambowo n'kumayankha m'Chiyao, aliyense osamva mnzake, onse okhutira kuti awina.

Kenako wailesi inalowerera. Bambo a zidebe anali ndi kawailesi kokoleka pamsomali, ndipo zaka zimenezo tinayamba kumva kawirikawiri za kusintha kwa nyengo. Ankati mu utsi wa mafakitale, wa magalimoto ndi wa moto wa m'tchire muli mpweya wina umene sutha, umakwera n'kukayala kumwamba ngati bulangeti, dziko n'kumatentha, mvula n'kumasokonekera. Ankatinso kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza kuti dziko lililonse latulutsa wochuluka bwanji. Bambo a zidebe anakweza wailesi mpaka kumapeto, nkhope ili ngati ya munthu amene wapeza mboni.

"Mwamva, mayi? Ndiye kuti mvula yathu mwatiwonongera ndinu."

"Akayeza adzatiuze," anayankha Amayi osadzutsa mutu palichero. "Koma ayeze ndi mwezi womwe."

Manambala a anthu oyezawo sindinawaonepo mpaka lero, ndipo sindikudziwa kuti anawina ndani. Nthawi imeneyo ndinawauza onse awiri kuti dziko limene lipezeke lolakwa libwere lidzandichapire matewera.

Zinanditengera nthawi kuti ndidziwe kuti kwa Amayi nkhani ya moto sinali yocheza chabe. Amuna awo anagona m'manda a kuseri kwathu, chakumunsi, kufupi ndi dambo. Pamtumbira panali mtanda wa mlombwa umene akalipentala anzawo anapala kuchokera pathabwa la benchi yawo yogwirira ntchito. Chiliza panalibe. Achibale a ku Ntcheu anati za chiliza n'zawo, adzabwera akakonzeka, ndipo sanabwere. Pambali pa mtandawo panali kamalo kokwana munthu mmodzi. Tsiku la maliro, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, anawalonjeza Amayi kuti malowo awasungira, bola mtanda uzioneka. Manda a m'tauni sachedwa kudzaza. Mtanda ukapsa, mvula n'kusalaza mtumbira, pakapita zaka zochepa palibe angaloze kuti uje ali apa, ndipo adzukulu amakumba paliponse pooneka pabwalo. Amayi analibe mwana, analibe m'bale mbali ino ya malire, ndipo mudzi wawo nkhondo inaubalalitsa. Chimene ankafuna pa moyo wawo wonse wotsala chinali kudzagona pakamalo kaja.

Vuto linali lakuti munthu sulowa kumanda mwachisawawa. Popanda maliro kapena chilolezo, ukangopezeka mkati anthu amakufunsa chimene ukufunako, ndipo funso limenelo silikhala labwino. N'chifukwa chake Amayi sankaphonya maliro. Anthu ankawayamikira mtima wabwino, ndipo unalidi wabwino, chifukwa ankafika oyamba pasiwa n'kuchoka omaliza pamapoto. Koma tsiku lina kumanda ndinawaona akuzemba kuseri kwa amayi a kwaya, n'kukagwada pamtanda paja, n'kumazula udzu mofulumira uku akuubisa m'chitenje. Atabwerera anayamba kuimba nawo ngati sanachoke.

Udzu wa pamtanda ankathana nawo choncho. Moto wochokera kutchire ankathana nawo ali kunja. Mbali imodzi ya mandawo kunali msewu, mbali ina minda, koma kumtunda ndi kumunsi ankayang'anizana ndi tchire. Chaka chilichonse mu Juni, Amayi ankatentha mzere wotambalala m'mbali ziwirizo, kunja kwa malire, kuti moto waukulu wa m'chilimwe ukadzafika udzapeze podya palibe. Mzere umenewo ankautchula kuti lamba.

Chaka chachiwiri ndinawaperekeza, mwana nditamusiya kwa akazi awo a bambo a zidebe. Tinapita m'mawa, mame asanaume, kukuzizira mpaka zala kuuma. Iwo anasenza khasu ndi chikwakwa, ine mtolo wa nthambi zaziwisi za bulugamu. Poyamba analambula tinjira tiwiri toyandikana, kenako anatola dothi n'kulimwaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera. Anayatsa pakati pa tinjirato, kumbali imene moto ukanayenda molimbana ndi mphepo. Ine ndinkayembekeza chimoto choti ndithawe. Kunabwera kamoto kofika m'mawondo, koyenda pang'onopang'ono, kolira tsetsetse m'mame. Kakati kadumphe kanjira, Amayi ankakamenya kamodzi ndi nthambi n'kukakalipira ngati mbuzi yolowa m'munda. Akatentha kachigawo ankazimitsa, n'kuponda chitsa chilichonse ndi phazi, mawa n'kudzapitiriza. Ndinayima pamenepo maso akuyabwa ndi utsi, ndikusirira. Sindinaonepo munthu wina wogwira moto mwaulemu ndi mopanda mantha ngati mayi ameneyu.

Ankayambira kumtunda chifukwa udzu wa kumeneko ndi umene unkayamba kuuma. Kumunsi, kwa amuna awo, ankamalizira, podikira kuti chinyezi cha dambo chichepe. Kumtunda kuja kunali chigawo cha Asilamu. Nditawafunsa kuti akuvutikiranji ndi mbali imene kulibe wawo, anandiyang'ana ngati ndafunsa zopanda mutu. Anati moto ukalowa kumtunda ufika kumunsi, ndiponso amene agona uko ndi anthu.

Bambo a zidebe ankadziwa zonsezi. Akazi awo anandiuza kuti mwana wawo wamkazi woyamba anagona kumtunda komweko, koma bambowo sanatchulepo nkhaniyo ngakhale kamodzi. Chimene ankachita n'choti Juni akamayandikira ankatenga chikwakwa cha Amayi osapempha, n'kuchibweza chili chakuthwa. Ndipo kautsi koyera kaja kakakwera kuseri kwa manda, Amayi pobwerera ankawapeza atakonzeka kale.

"Uwu ndauwerengera Mozambique. Ngakhale muli kuno mukutiwonjezerabe."

Amayi ankaseka, n'kuwaopseza ndi nthambi yowauka.

Zinasintha chaka cha njala ija, mvula itadula chimanga chikumasula. Anthu akakhala ndi njala mitima imafupika. Mu Juni ana ambiri anagwidwa chifuwa, ndipo m'dera lathu munachitika maliro otsatizana. Zaka zonsezo anthu ankawaona Amayi akutentha lamba wawo osalabada, koma chaka chimenecho wina anawaona m'mawa ali mu utsi pafupi ndi manda, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha chisanu, ndipo pofika masana nkhani inali itafika kumpopi. Ankati amakatapa phulusa la kumanda. Ankati anabwera ndi zinthu kuchokera tsidya la malire. Wina mpaka anafunsa kuti kodi munthu wosaphonya maliro amakafunako chiyani.

Amene anafunsa zimenezo ndinamuthira madzi a mundowa yanga, onse, ndipo sindinapepese. Ndinawauza kuti amayi awo ndi ana awo amene agona kumandako mitanda yawo ikuonekabe chifukwa cha munthu yemweyo akumunenayo. Sizinathandize. Anati wa lendi angatsutse bwanji alandilodi ake, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi ndowa yopanda madzi.

Patapita masiku ochepa kunabwera adzukulu. Mkulu wakale uja, wolonjeza malo, n'kuti atamwalira. Wolowa m'malo mwake anali bambo wachinyamata woumba njerwa, munthu wosaipa mtima, kungoti anthu anali atamupanikiza. Amayi anawapatsa mipando. Iye anavula chipewa, n'kunena mwaulemu kuti anthu akudandaula, ndiye Amayi asiye kufika kumanda ndi moto. Amayi anafotokoza kuti kumtunda amaliza, kwatsala kumunsi kokha, ndipo akachedwa udzu uumitsitsa moti sudzatenthekanso bwinobwino. Apo ndi pamene mmodzi wa anzake aja, amene anali chiimire, anayankha.

"Zimenezo muzikachita kwanu, mayi."

Nyundo ya tsidya la kanjira inasiya kulira. Bambo a zidebe anawoloka ili m'manja, osadziwa n'komwe kuti aigwira.

"Kwawo kuti? Ine pobwera mu Chinsapo muno ndinawapeza mayi awa. Inu nthawi imeneyo munali kuti?"

Anapempha kuti iwo aziwaperekeza Amayi masana, poyera, mdzukulu mmodzi akuonerera. Mkulu watsopanoyo anapukusa mutu. Anati nkhani yafika poipa, ndipo Amayi akadzaonekanso kumeneko iye sangathe kuwatsimikizira za malo analonjezedwa aja. Amayi anangoti, "Ndamva, abambo," n'kuwaperekeza mpaka pamsewu monga amachitira ndi alendo onse.

Ine ndinapsa mtima ndi Amayi kuposa ndi adzukulu. Ndinawauza kuti tipite mawa lomwe, tikamalize, amene akufuna kulankhula alankhule. Ndinalalata mpaka mwana anadzuka. Iwo anandisiya kuti ndimalize, kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Mwana wanga, anthu amenewa ndi amene adzandikumbire. Ndikangane nawo?"

Chikwakwa chinakolekedwa kuseri kwa chitseko.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Udzu wa kumunsi unauma mpaka kuyera. Bambo a zidebe anati awakhomere chikwangwani chachitsulo chosapsa, koma kukachizika kunkafunika kulowa kumanda ndi mawu a achibale a ku Ntcheu, ndipo Amayi ankaopa kuyambitsa nkhani ina. Madzulo ankaima kumapeto kwa bwalo, manja kumbuyo, akuyang'ana kudambo. Utsi wa m'chilimwe utayamba, bambo a zidebe analoza kumwamba ndi mlomo monga kale, n'kunena kuti abale ayambapo. Amayi sanatuluke ndi lichero. Bambowo anayesanso tsiku lina, kenako anasiya. Ine amene ndinkadandaula kuti akundisokosa ndinapezeka ndikuusowa mkangano uja.

Moto unabwera mu Okutobala, Lachisanu masana. Ndikukumbukira tsikulo chifukwa nyundo inali chete, mwana akukana kugona, ine ndikuzungulira naye pabwalo. Chifukwa cha bata limenelo ndinamva kuthetheka kuchokera kudambo. Nditayang'ana ndinaona utsi wakuda, ndi anthu awiri atatu akuthawa ndi makasu awo okumbira mbewa. Anali anthu athu, a mu Chinsapo momwemo.

Amayi anali atathamanga kale. Ndinaponya mwana m'manja mwa akazi a bambo a zidebe, ndinatola chitsulo pashedi n'kumenya lata poitana anthu mpaka manja kuchita dzanzi, kenako ndinanyamula ndowa zatsopano zosagulidwa n'kuthamangira kudambo. Panjira ndinakumana ndi bambo a zidebe akuchokera kumzikiti ndi anzawo, onse atavala mikanjo yoyera. Sanafunse kanthu. Anakwinya mikanjo, anathyola nthambi, n'kuthamanga.

Kumtunda moto unafika pa lamba, pamene tsopano panali timsipu tatifupi, n'kuzima wokha ngati wathiridwa madzi. Kumunsi unapeza khomo lotsegula. Ndinawapeza Amayi ali m'malire enieni a manda, akumenya moto ndi nthambi, m'mphepete mwa chitenje mukufuka. Malawi a moto anali atawadutsa kale mbali zonse n'kulowa mkati. Mtanda wa amuna awo unkaoneka mu utsi, pafupi moti munthu ukanaponya mwala n'kuugenda. Ndinawakuwira kuti alowe. Anapukusa mutu n'kupitiriza kumenya pomwe anaimapo, misozi ikutsika, kaya ya utsi kaya ya chiyani. Mpaka lero ndikaganiza za mayi ameneyu ndimamuona ali pamenepo, phazi lili pamzere umene anauzidwa kuti asadutse.

Mkulu wa adzukulu anafika akuthamanga kuchokera kunjerwa zake, matope ali m'manja mpaka m'zigongono. Anayang'ana kumtunda kosapsa, anayang'ana kumunsi, n'kuwayang'ana Amayi.

"Amayi, tiyeni. Tsogolani."

Analowa, ife tonse pambuyo pawo, Akhristu ndi Asilamu, ena ndi makasu ena ndi ndowa za madzi amatope a m'dambo. Amayi ndi amene ankalamula, ndipo panalibe wotsutsa. Anatiuza kuti tisalimbane ndi mutu wa moto, tilambule patsogolo pake n'kumaumenya m'mbali. Tinauzimitsa dzuwa litapendeka, mikanjo yoyera ija itada bii.

Mitanda yambiri ya kumunsi inasanduka phulusa, ndipo mabanja ena mpaka lero amangoloza mongoganizira. Wa amuna awo a Amayi thabwa lopingasa linali litapsa n'kugwa, zilembo zonse zitafufutika. Koma mlombwa ndi mtengo wouma mutu. Thabwa loimirira linali chilili, lakuda, likufukabe. Amayi analigwira ndi dzanja lonse osaganiza kuti n'lotentha.

"Alipo," anatero.

Mkulu wa adzukulu sanapepese ndi pakamwa. Anapita kumsewu, anatuta miyala, n'kuizika mozungulira mtumbira uja pamodzi ndi kamalo kopanda munthu kaja, anthu onse akuona. Kumpopi nkhani ya phulusa inangotha ngati sinakambidwepo, ndipo amene ndinamuthira madzi uja anayamba kuuza anthu kuti iye ankadziwa kale kuti mayiwo ndi wabwino. Zimenezo zimandipsetsabe mtima.

M'mawa mwake Amayi anakhala pakhonde dzanja lili lomanga ndi nsanza. Bambo a zidebe anakhoma pang'ono, n'kuika nyundo pansi, n'kunena kuti aganizira bwino za moto wa dzulo. Anyamata oyatsawo ndi a kuno, n'zoona, koma munthu akafufuza bwino apeza kuti agogo awo anachokera ku Mozambique. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chichokereni mu Juni, ndipo mlandu unatsegulidwanso pomwepo.

Meyi wotsatira mkulu wa adzukulu anabwera yekha, chipewa m'manja, kudzafunsa kuti ayamba liti. Kuyambira pamenepo lamba ankatenthedwa ndi gulu, Amayi ali patsogolo ndi dothi lawo loyezera mphepo, akukalipira amuna akuluakulu kuti ayatsa malo aakulu kwambiri.

Anamwalira chakumapeto kwa zaka zimenezo, m'dzinja, atadwala pang'ono. Adzukulu sanafunse wina aliyense kuti akumbe pati. Anachotsa miyala ya mbali imodzi n'kukumba pomwepo, pafupi ndi thabwa lakuda lija. Achibale a ku Ntcheu ulendo uno anabwera, ndipo anayang'anitsitsa kwambiri nyumba kuposa manda. Ife tinasamukira ku Area 36.

Juni atafika ndinakwera minibasi m'mawa, chikwakwa cha Amayi nditachikulunga m'chitenje. Kuseri kwa manda ndinapeza adzukulu atalambula kale tinjira, ndipo pakati pawo panali bambo a zidebe, tsitsi litayera, akulimbana ndi machesi onyowa ndi mame. Anamwaza dothi m'mwamba, linawabwerera m'maso. Atayatsa, kautsi koyera kanakwera mowongoka, chifukwa mphepo kunalibe. Ndinafuna kuwaseketsa, poti nkhope yawo sindinaikonde.

"Nanga uwu muuwerengera dziko liti, abambo?"

Sanaseke. Anakayang'ana kautsiko.

"Wa kuno," anatero. "Wa zaka zonse zija unalinso wa kuno. Ndinkangowaputa."

Kenako anandikalipira kuti ndikungoima, moto ukudumpha kanjira kumanzere kwanga, ndipo ndinakweza nthambi n'kuumenya.